Ana akukhoza mayeso a zakudya koma masamba akutaya m'bini, tithandizane nzeru

Mphunzitsi wa kalasi 3: Moni nonse, makolo ndi aphunzitsi anzanga. Pali nkhani imene yandisowetsa tulo. Teremu ino ndakhala ndikuphunzitsa ana za magulu a zakudya: zomanga thupi, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Tinajambula tchati, tinaimba nyimbo, ndipo Lachitatu nditawapatsa mayeso pafupifupi onse anakhoza. Tsiku lomwelo pa buleki ndinaima pafupi ndi bini. Kamtsikana kamene kanakhoza zonse, kamene kanalemba ndi dzanja lake kuti masamba amateteza thupi, kanatsegula kabokosi kake, n'kutola masambawo ndi zala ziwiri ngati kakugwira chonyansa, n'kuponya m'binimo. Kenako kanathamangira kugeti kukagula maswiti ndi chakumwa chofiira. Mtima unandiwawa. Kodi ndaphunzitsa chiyani milungu yonseyi? Komiti ya sukulu yandipempha kuti ndikonze ndondomeko ya maphunziro a kadyedwe ya teremu yamawa, koma sindikufuna kubwereza zomwezi. Amene munayesapo zina, ndigawireni.

Bambo a mapasa: Madamu, musadziimbe mlandu. Ntchito yanu ndi kuphunzitsa kuwerenga ndi masamu. Za kadyedwe n'zakunyumba. Ine ndimaona kuti sukulu masiku ano zikusenzetsedwa chilichonse, mpaka zimene ndi udindo wa ife makolo. Komanso tinene zoona, kholo limapatsa mwana zimene lakwanitsa. Mukamuuza mwana kuti azidya zipatso tsiku lililonse pamene kwawo kulibe, mukungomuchititsa manyazi ndi kumudanitsa ndi mayi ake.

Namwino wopuma: Bambo, mfundo yanu yachiwiri ndi yolemera ndipo tibwererako. Koma yoyambayo ndikukana. Mwana amakhala kusukulu maola ambiri a tsiku, masiku asanu pa sabata, kwa zaka zingapo. Kaya sukulu ifune kaya isafune, ikumuphunzitsa kadyedwe kudzera m'zimene zikugulitsidwa pakhomo pake, zimene anzake akudya, ndi zimene aphunzitsi akumwa pamaso pake. Ndiye funso n'lakuti ikumuphunzitsa chiyani. Ndipo kuwerenga ndi masamu mukunenako kumadalira m'mimba. Ndagwira ntchito ndi ana zaka zambiri. Mwana wochepa magazi chifukwa chosowa ayironi amakhala wotopa, amasinza m'kalasi, amaiwalaiwala, ndipo nthawi zambiri amatchedwa waulesi kapena mbuli. Mukamutsegula chikope cham'munsi mumapeza mwayera. Wosowa ayodini nzeru zimabwerera m'mbuyo. Wosowa vitamini A amayamba kusaona bwino kukamada, ndipo matenda samuchedwa. Mphunzitsi angalimbike bwanji, mwana wotere zimangomudutsa.

Wophunzira za kadyedwe: Amayi anamwino anena zoona. Ndiwonjezere mbali ina imene anthu amaiwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2022 ana ndi achinyamata oposa 390 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 padziko lonse anali onenepa mopitirira muyezo. Mu 1990 anali 8 pa 100 aliwonse, pofika 2022 anali 20 pa 100 aliwonse. Ndipo vutoli si la mayiko olemera okha. M'kalasi imodzi mungapeze mwana wopinimbira ndi wina wonenepa kwambiri, nthawi zina mwana mmodzi yemweyo ndi wonenepa koma ndi wochepa magazi, chifukwa akukhuta shuga ndi mafuta basi.

Koma Madamu, pa funso lanu: zimene munaona pabini zija sizodabwitsa. Kudziwa ndi kwina, kukonda ndi kwina. Mwana amabadwa akukonda zotsekemera ndipo amakayikira zowawa ndi zachilendo. Akatswiri a kadyedwe ka ana anapeza kuti chimene chimasintha lilime ndi kulawa mobwerezabwereza, kawirikawiri maulendo 8 mpaka 15, popanda kukakamiza. Ife akuluakulu timayesa kawiri katatu, n'kugamula kuti "uyu sadya masamba". Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi wa ana atatu: Izi za kubwerezabwereza ndaziona ndi maso anga. Wachiwiri wanga ankati akaona karoti m'mbale amakankhira kumbali mpaka mbale kutsala pang'ono kugwa. Ndinkakalipa, ndinkaopseza, tsiku lina ndinamukhazika patebulo mpaka analira n'kusanza. Ndimachita chisoni ndikakumbukira. Apongozi anga ndi amene anandiuza kuti ndisiye nkhondo, ndizingoika kachidutswa kamodzi pambali osanena kanthu, ineyo ndizidya zanga iye akuona. Milungu itatu sikanakhudzidwe. Kenako ananyambita. Kenako analuma n'kulavula. Lero amadzisendera yekha n'kumatafuna yaiwisi.

Mphunzitsi wa kalasi 3: Zikomo amayi. Ndiye kuti ine ndinaphunzitsa mutu, lilime osalikhudza n'komwe. Pa milungu yonse ija ana sanagwire chakudya chenicheni ngakhale kamodzi, zinali zithunzi zokhazokha. Koma ndingachite bwanji zimenezi ndi ana ambiri m'kalasi imodzi? Kunyumba n'kosavuta chifukwa mwana ndi mmodzi.

Wophunzira za kadyedwe: Pali amene anayesa ndi makalasi athunthu. Ku France, katswiri wina dzina lake Jacques Puisais anayambitsa maphunziro a kulawa m'sukulu m'zaka za m'ma 1970. Mwana amapatsidwa chakudya kuti achione, achigwire, achinunkhize, amve phokoso lake akachiluma, kenako afotokoze m'mawu ake. Palibe yankho lolakwa, ndipo ali ndi ufulu wosalawa. Njirayi inafalikira mpaka ku Sweden ndi Finland. Ubwino wake ndi wakuti mantha amachoka, chifukwa mwana amadziwa kuti palibe amene amutsekule pakamwa.

Ina ndi ya Food Dudes, imene inakonzedwa ndi akatswiri a maganizo a pa yunivesite ya Bangor ku Wales, ndipo dziko la Ireland linaitengera m'sukulu zake za pulayimale kuyambira 2007. Kwa masiku 16 otsatizana ana amapatsidwa chipatso ndi ndiwo yamasamba pang'ono, amaonera mafilimu afupiafupi a ana okulirapo amene amakonda zakudyazo, ndipo akalawa amalandira timphatso monga zomata kapena pensulo. Nzeru yake ili patatu: kutsanzira anzawo, kulawa kambirimbiri, ndi kuyamikiridwa.

Bambo a mapasa: Achemwali, zonsezi n'zabwino kuzimva, koma mphatso zikatha? Mwana amadyera pensulo, osati chipatso. Ine anga ndimawadziwa.

Wophunzira za kadyedwe: Funso lanu ndi lomwe akatswiri enieniwo amakanganapo, bambo. Cholinga cha mphatso ndi kungofikitsa chakudya pakamwa maulendo okwanira kuti lilime lizolowere, kenako mphatso zimachepetsedwa pang'onopang'ono. Koma kunyumba kukapanda kusintha, zambiri zimazirala pakapita nthawi. Chimene ndikudziwa kuti n'choopsa ndi kupereka chakudya china ngati mphoto: "maliza masamba ndikupatse switi". Pamenepo mwana amamva kuti masamba ndi chilango, switi ndiye chinthu chamtengo wapatali.

Wophika pasukulu: Pepani ndilowererepo, ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndaphikira ana zaka khumi ndi ziwiri. Anthu mukakhala pamisonkhano ya kadyedwe simutiitana ife ophika, chonsecho mbale zotsala timatsuka ndife, ndipo timadziwa chimene chadyedwa ndi chimene chatayidwa. Ndikuuzeni zimene ndaona. Masamba akaphikidwa mpaka kuda n'kukhala phalaphala, ngakhale wamkulu sangawafune. Akaphikidwa pang'ono, akadali obiriwira, ana ambiri amadya. Chipatso chathunthu amaluma kamodzi n'kusiya, koma mukachidula tizidutswa chimatha. Ana aang'ono amene akugweruka mano akutsogolo amavutika kuluma zolimba, anthu saganizira zimenezo. China ndi nthawi. Belu likalira mwana asanafike pakati pa mbale, amasiya, chifukwa mtima uli kumasewera. Tsiku limene amayamba kusewera kenako n'kudzadya, mbale zimabwera zoyera. Ndipo tsiku limene mphunzitsi wakhala nawo pansi n'kumadya zomwezo, zotaya zimachepa mpaka ndimadabwa.

Namwino wopuma: Mayi, mawu anu aposa athu tonse. Madamu, munthu uyu ndiye woyamba kumuika mu komiti yanu.

Mphunzitsi wamkulu wopuma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zimene anena amayi ophikawa zandikumbutsa za ku Japan, zimene ndinazitsatira kwambiri ndili pantchito. Kumeneko lamulo la chakudya cha kusukulu linakhazikitsidwa mu 1954, ndipo mu 2005 anaika lamulo lina la maphunziro a zakudya, amene iwo amawatcha shokuiku. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nthawi ya nkhomaliro amaiwerengera ngati phunziro. Ana amasinthana zigawo. Amene ndi tsiku lawo amavala maepuloni oyera ndi tizipewa, amakatenga miphika kukhitchini, amagawira anzawo m'kalasi momwemo. Mphunzitsi amakhala nawo n'kudya zomwezo. Akamaliza amatolera mbale ndi kupukuta matebulo okha. Sukulu zambiri zili ndi mphunzitsi wapadera wa kadyedwe amene amakonza ndandanda ya zakudya ndi kufotokozera ana kumene zachokera. Mwana amene wagawira anzake ndiwo ndi dzanja lake amavutika kuti ataye yake.

Ku Finland nako ana onse akhala akudya kwaulere kusukulu kuyambira 1948. Amaika mbale yachitsanzo poyambira mzere: theka masamba, gawo limodzi mwa anayi mbatata kapena mpunga, gawo lotsalalo nsomba, nyama kapena nyemba. Mwana amadzigawira yekha akuyang'ana mbale ija. Tchati chawo ndi chimenecho, ndipo amachiona tsiku lililonse ali ndi njala.

Sindikunena kuti sukulu iliyonse ingakwanitse zonsezi. Koma kuti ana agawirane okha, mphunzitsi adye nawo, ndipo pakhale nthawi yokwanira, sizifuna ndalama.

Bambo a mapasa: Agogo, ndamva ndipo ndikulemekeza. Koma palibe wayankha mfundo yanga ija. Nanga mwana amene kwawo kulibe? Ndikunena izi chifukwa zinachitikira mwana wa mchemwali wanga. Pasukulu ina anayambitsa zoyendera mabokosi a chakudya, mphunzitsi n'kumatsegula pamaso pa kalasi, wa chakudya chabwino akuomberedwa m'manja. Mwanayu bokosi lake linali ndi buledi wouma basi. Anzake anamuseka. Kuyambira tsiku limenelo ankabisa bokosilo m'chikwama, n'kumakhala ndi njala tsiku lonse, mpaka anayamba kukana sukulu. Mayi ake anazindikira patapita milungu. Ndiye ndikamva za maphunziro a kadyedwe, chimene chimabwera m'mutu mwanga ndi nkhope ya mwana uja.

Mayi wa ana atatu: Zomvetsa chisoni, bambo. Pepani kwambiri. Tsopano ndamvetsa chifukwa chimene mumalankhulira chonchi.

Namwino wopuma: Zimenezo n'zolakwika ndipo zisachitike pasukulu iliyonse. Mwana sagula chakudya, sasankha zophika, ndiye sangaweruzidwe pa zimene zili m'bokosi mwake. Madamu, lembani izi pamwamba pa ndondomeko yanu: osatsegula bokosi la mwana pagulu, osayeza ana sikelo anzawo akuona, osatchula mwana kuti wonenepa kapena wowonda, osagawa zakudya kuti izi n'zabwino izi n'zoipa ngati kuti wodya zoipazo nayenso ndi woipa. Ndaonapo atsikana a zaka khumi akudzimana chakudya chifukwa cha mawu amodzi a munthu wamkulu. Ngati pali mwana amene mukumudera nkhawa, itanani kholo lake pambali. Ndipo zolawa zonse zichokere kusukulu, aliyense alandire mofanana, kuti pasaoneke wolemera ndi wosauka. Musaiwalenso kufunsa makolo ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, mazira, mkaka kapena nsomba, chifukwa kwa ena zimenezi zimatupitsa kukhosi mpaka kubanika.

Bambo a mapasa: Zikakhala choncho ndiye ndilibe nazo vuto. Chimene ndimakana ndi kuphunzitsa mwana kunyoza mbale ya mayi ake.

Mlangizi wa zaulimi: Pa funso la kumene zolawazo zichokere, yankho langa ndi dimba la sukulu. Silifunika kukhala lalikulu. Mabedi anayi kapena asanu, ngakhale matumba ndi zidebe zakale zoboola pansi ngati malo palibe. Sankhani mbewu zocha msanga kuti ana aone zotsatira teremu isanathe: masamba ambiri amayamba kuthyoledwa pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi chiwokereni, nyemba zimamera pasanathe sabata ndipo ana amasangalala kuziona zikutukula dothi. Gulu lililonse likhale ndi bedi lake ndi chikwangwani chake. Ndinaonapo kamnyamata kamene kankadziwika ndi kuvuta kakugona chafufumimba kuyang'ana mbozi pa tsamba, kenako n'kudzuka kukafunsa ngati mboziyo idzakhale gulugufe. Tsiku lokolola kanatsuka tomato wake n'kumudya pomwepo, madzi akuyenderera pachibwano.

Koma chenjezo: dimba lisakhale malo a chibalo. Mukangoyamba kutumiza ochedwa kuti akapalire, mwapha zonse, ana adzadana ndi khasu ndi masamba omwe. Zokolola zibwerere m'kamwa mwa ana, zisathere kunyumba za akuluakulu. Ndipo konzekeranitu amene adzathirire nthawi ya holide, chifukwa madimba ambiri a sukulu amafera pamenepo.

Ndiwonjezere kuti ku Brazil lamulo la 2009 linalamula kuti ndalama zosachepera 30 pa 100 zilizonse zimene boma lapereka pa chakudya cha kusukulu zigule kwa alimi ang'onoang'ono. Ana amadya zatsopano, mlimi amapeza msika wodalirika, ndipo nthawi zina mlimiyo ndi kholo la mwana wa pasukulu pomwepo.

Mphunzitsi wa kalasi 3: Ndikulemba zonse m'kope. Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe wachikhudza: geti. Ndingaphunzitse bwino, tingalime dimba, koma maswiti ndi zakumwa za shuga zili pomwepo mwana akangotuluka.

Wophunzira za kadyedwe: Apo ndiye pagona nkhani, Madamu. WHO inalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire 10 pa 100 ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo zingakhale bwino atatsika kufika pa 5 pa 100, amene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 25, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi. Chitini chimodzi cha chakumwa cha shuga cha mamililita 330 chimakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Yesani izi m'kalasi: ana awerenge magalamu a shuga olembedwa pa botolo, agawe magalamuwo ndi 4 kuti apeze chiwerengero cha masupuni aang'ono, kenako athire masupuni a shuga ochuluka choncho m'kapu yoonekera. Ndi masamu ndi sayansi nthawi imodzi, ndipo akaona mulu wa shugawo saiwala.

Mayiko ena anaona kuti mwana yekha sangalimbane ndi otsatsa malonda. Ku Chile kuyambira 2016 zakudya zokhala ndi shuga, mchere, mafuta kapena mphamvu zochuluka zimamatidwa chizindikiro chakuda cha ngodya zisanu ndi zitatu. Zokhala ndi chizindikirocho siziloledwa kugulitsidwa m'sukulu kapena kutsatsidwa kwa ana osakwana zaka 14, ndipo zidole zojambulidwa pamapaketi zinachotsedwa.

Mphunzitsi wamkulu wopuma: Koma samalani ndi kuletsa musanakambirane ndi anthu. Ku England, wophika wotchuka Jamie Oliver atachita kampeni yake ya pa wailesi yakanema mu 2005, zakudya za m'sukulu zinasinthidwa. Chaka chotsatira, kudera la Rotherham, amayi ena anajambulidwa akupatsira ana zakudya zogula kunja kudzera pampanda wa sukulu. Ambiri anawanyoza, koma ine ndinaona anthu amene anamva kuti sanafunsidwe. Nanunso ogulitsa pageti aja ndi makolo, akufuna sopo ndi fizi. Mukawathamangitsa angosuntha pang'ono, ana n'kuwatsatira. Aitaneni, akhale pansi ndi komiti, mugwirizane kuti pambali pa zimene amagulitsa aziikanso zipatso, mazira owiritsa ndi mtedza, ndipo muwauze kuti sukulu izilimbikitsa ana kugula zimenezo. Mutu umodzi susenza denga.

Wophika pasukulu: Agogo, ndionjezereko za ukhondo, chifukwa chakudya chabwino chikhoza kudwalitsa ana ambiri tsiku limodzi. Sopo ndi madzi zikhale pamene ana akudyera, osati kuseri kwa ofesi. Chophikidwa chisakhale pamtunda maola oposa awiri. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zisakhudze zipatso. Ndipo mankhwala a m'dimba asasungidwe chipinda chimodzi ndi chakudya.

Namwino wopuma: Mfundo yomalizayo si yaing'ono. Mu July 2013 ku Bihar, m'dziko la India, ana 23 anamwalira atadya chakudya cha kusukulu chimene munalowa mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. India ili ndi ndondomeko yaikulu kwambiri yodyetsa ana kusukulu, imene inayamba mu 1995 ndipo yathandiza ana ochuluka zedi, koma kusasamala kwa pakhitchini imodzi kunabweretsa maliro otere. Kanthu kena kakang'ono koti muuze ana ndi makolo: zipatso za vitamini C monga malalanje zikadyedwa pamodzi ndi nyemba kapena masamba zimathandiza thupi kuyamwa ayironi, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Ndipo ana alandire mankhwala a njoka za m'mimba pa nthawi yake, apo ayi mukudyetsa njokazo.

Mphunzitsi wa kalasi 3: Ndabweranso patapita milungu iwiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Sindinadikire teremu yamawa. Ndinafunsa kaye makolo za zakudya zimene matupi a ana awo amadana nazo, kenako Lachisanu ndinabweretsa nkhaka, karoti, tomato ndi malalanje, amayi ophika anandithandiza kuzidula. Tonse tinasamba m'manja. Ndinauza ana kuti palibe mayeso, ndipo amene sakufuna kulawa angonunkhiza. Ndinayamba ndine kuluma karoti, kalasi yonse inaseka itamva phokoso lake, kenako aliyense anafuna kuti yake imveke kuposa ya mnzake. Mwana wina anati nkhaka ikununkhira ngati mvula. Anayi sanalawe kanthu, ndipo sindinawanene.

Kamtsikana kaja kanatenga kachidutswa ka tomato, kanakanunkhiza nthawi yaitali, kanakhudzitsa kulilime, n'kukabwezera pambale. Kanandiyang'ana ngati kakudikira kukalipiridwa. Ndinangokafunsa kuti kamva bwanji, kanati "akuwawasa". Ndinalemba mawuwo pabolodi pamodzi ndi a anzake. Lachisanu lachiwiri kanaluma theka.

Komiti yavomera mabedi anayi kuseri kwa kalasi, ndipo ogulitsa pageti tikumana nawo Lachiwiri. Bambo a mapasa, nkhani ya mwana wa mchemwali wanu ndinaifotokoza kwa aphunzitsi anzanga osatchula dzina, ndipo tagwirizana kuti pasukulu pathu palibe adzatsegule bokosi la mwana. Alangizi, chonde nditumizireni mndandanda wa mbewu zocha msanga ndi kutalikirana kwake pobzala, ana akufuna kuyamba kufesa nazale Lolemba.